CHAMBA CHOLOLEDWA NDI BOMA: CHILOLEZO, MSONKHO NDI MLIMI WA KU LILONGWE

Ndikulankhula makamaka ndi inu alimi a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, kuyambira ku Mpingu ndi ku Namitete mpaka ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma. Nkhani yathu lero ndi ya mbeu imene zaka zingapo zapitazo munthu waulemu wake sakadaitchula dzina pamaso pa apongozi. Mbeuyo ndi chamba.

Chiyambire chaka cha 2020, pamisika ndi pamaliro pomwe pakhala pakumveka mau akuti boma linaloleza chamba. Mau ameneŵa ali ndi choonadi chake, koma munthu wowatenga monga momwe akumvekeramo angathe kukagona m'chitokosi cha apolisi. Chimene boma linachita ndi kutsegula khomo laling'ono, kuikapo mlonda, ndi kutchula mtengo woloŵera. Tsono tiyeni tione kuti khomolo nlotani, mlondayo ndani, ndiponso ngati mlimi wa maekala atatu angathe kuloŵapo.

Nkhaniyi inayambira m'Nyumba ya Malamulo mu 2015, pamene a Boniface Kadzamira, amene panthaŵiyo anali phungu wa kumpoto kwa boma la Ntchisi, anapempha kuti dziko lino liganizire zolima chamba cha m'mafakitale. Ambiri anaseka. Koma kuyambira chaka chomwecho boma linalola kampani ya Invegrow kuyesa mbeuyi pamalo ofufuzira zaulimi a Chitedze, pamseu wa ku Mchinji, pafupi ndi Mpingu. Choncho nthaka yoyamba kulandira chamba chololedwa m'Malaŵi ndi ya kwanu konko. Patapita zaka zisanu, mu Febuluwale 2020, a Kondwani Nankhumwa, amene anali nduna ya zaulimi, anabweretsa bilu ya chamba m'Nyumba ya Malamulo ndipo aphungu anaivomereza. Lamulolo limatchedwa Cannabis Regulation Act, ndipo ndilo linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, mwachidule CRA, limene lili mlonda wa pakhomo paja. A Kadzamira omwe aja, amene anasekedwa, ndiwo anakhala wapampando woyamba wa bungweli.

Kuti timvetse lamuloli tiyenera kuyamba tadziŵa kuti chamba chili ngati chinangwa: mtundu ndi umodzi, koma china nchozizira ndipo china nchoŵaŵa. Mu chomera cha chamba muli timadzi tambiri, koma todziŵika kwambiri ndi tiŵiri. Kena kamatchedwa THC, ndipo ndiko kamazunguza bongo munthu akasuta. Kena kamatchedwa CBD, ndipo sikaledzeretsa. Chamba cha m'mafakitale, chimene Azungu amachitcha hemp, ndi chimene THC wake ali wochepa kwambiri. Lamulo la Malaŵi linaika malire pa 1 peresenti. Chimenechi chimalimidwa chifukwa cha luzi lake, lopangira nsalu, zingwe ndi mapepala, ndiponso chifukwa cha njere zake zimene amafinyamo mafuta. Chamba cha mankhwala chimalimidwa chifukwa cha maluŵa ake, amene mafakitale amayenga nkupanga mankhwala ochepetsa ululu ndi mseru kwa odwala khansa, ndi ena otero. Mu 2018 dziko la America linavomereza mankhwala otchedwa Epidiolex, ochokera ku CBD, othandiza ana odwala mitundu ina ya khunyu yovuta kuchiza.

Kusuta sikunaloledwe. Lamulo lakale la mankhwala oopsa, Dangerous Drugs Act, likadalipo, ndipo lamulo la 2020 linaikanso chilango chake kwa wolima, woyenga kapena wogulitsa chamba popanda chilolezo: faindi yofika K50 miliyoni ndi ndende yofika zaka 25.

Mwina wina angafunse kuti, nanga bwanji boma silinangonena kuti aliyense alime, monga timalimira mtedza ndi soya? Yankho lake lili kunja kwa dziko lino. Malaŵi ali m'gulu la maiko amene anavomera pangano la United Nations la 1961 lokhudza mankhwala ozunguza bongo. Panganoli limati dziko lofuna kulima chamba cha mankhwala likhale ndi bungwe la boma lopereka zilolezo, lodziŵa minda yonse pamene ili ndi kukula kwake, ndi loŵerengera zokolola kuti zisatulukire kukhomo la kuseri. Dziko losatsata zimenezi silingagulitse chamba chake kwa ogula ovomerezeka. Mu Disembala 2020 nthambi ya United Nations yoona za mankhwala ameneŵa inachotsa chamba pamndandanda wa mankhwala oopsa kopambana, kuvomereza kuti chili ndi ntchito m'chipatala, koma siinachotse lamulo la zilolezo. Choncho bungwe la CRA sitingalitenge ngati chopinga chongoikidwa ndi anthu a m'maofesi. Popanda ilo malonda ameneŵa sangakhalepo nkomwe.

Komatu pangano lomwelo limanena poyera kuti silikhudza chamba cholimidwa chifukwa cha luzi ndi njere zokha. Kuika chamba cha m'mafakitale pansi pa chilolezo ndi maganizo a dziko lathu, ndipo chifukwa chake nchomveka. Mitundu iŵiriyi imafanana masamba, msinkhu ndi fungo, kotero kuti wapolisi woima m'mphepete mwa munda sangathe kuisiyanitsa ndi maso. Wosiyanitsa ndi makina a mu labotale basi.

Tsopano tifike pa ndalama, pamene pagona nkhani. Mu Novembala 2020 boma linalengeza mitengo ya zilolezo, ndipo inali m'madola a ku America. Chilolezo cholimira chamba cha mankhwala chinali madola 10,000 pachaka. Cholimira chamba cha m'mafakitale chinali madola 2,000. Chipatala cha boma chofuna kupereka mankhwala a chamba kwa odwala chinayenera kulipira madola 100, ndipo chipatala chomwe si cha boma madola 200. Panthaŵi imeneyo dola imodzi inali pafupifupi K760, ndiye kuti madola 10,000 anali K7.6 miliyoni, ndipo madola 2,000 anali K1.5 miliyoni ndi kanthu pamwamba.

Tiyeni tiŵerengere pamodzi, monga tinkachitira m'kalasi. Alimi 100 a kwa Kabudula atapanga kopaletivi nagaŵana mtengo wa chilolezo cha chamba cha mankhwala, aliyense akadasonkha K76,000. Chaka chomwecho thumba la feteleza wotsika mtengo wa boma linali K4,495. Ndiye kuti gawo la mlimi mmodzi pa chikalata chokhacho linali lofanana ndi matumba a feteleza pafupifupi 17, khasu lisanaloŵe m'nthaka. Ndipo popeza mtengowo unatchulidwa m'madola, umakwera wokha kwacha ikagwa. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola nkufika pa K1,700. Madola 10,000 omwe aja anasanduka K17 miliyoni popanda munthu wokweza mtengo.

Chikalata sichikhalanso chimodzi. Kulima kuli ndi chilolezo chake, kuyenga kuli ndi chake, kusunga, kunyamula, kugulitsa kunja ndi kuchita kafukufuku, chilichonse payekhapayekha. Umboni wake ndi uwu: pofika Epulo 2021, bungwe la CRA linali litapereka zilolezo 86 kwa makampani ndi makopaletivi 35. Mukagaŵa muona kuti aliyense anatenga ziŵiri kapena zitatu.

Mukalipira zonsezi, mbeu ndi imene ikukudikirani. Mbeu yololedwa siitapidwa m'nkhokwe kapena kupemphedwa kwa mnansi. Alimi oyamba anayenera kugula mbeu yochokera kunja, yamtengo wapatali. Chamba cha mankhwala chimafunanso chisamaliro chimene fodya sanafunepo. Pamafunika zomera zachikazi zokhazokha, chifukwa mungu wa chomera chachimuna ukafika pa maluŵa, maluŵawo amabala njere ndipo mphamvu yake ya mankhwala imachepa. Mungu umenewu umauluka ndi mphepo mtunda wautali, choncho munda wa chamba chobisika kudambo ungathe kuononga munda wololedwa umene uli kutali ndithu. Ndicho chifukwa chake olima chamba cha mankhwala amamanga nyumba za pulasitiki zolimiramo, ndi mpanda, ndi kulemba alonda. Ogula a ku Europe amafunanso umboni wa mu labotale wakuti maluŵawo alibe nkhungu, mankhwala ophera tizilombo kapena zitsulo zoipa zochokera m'nthaka, ndi kuti fakitale yoyengayo ikutsata malamulo a kwawo opangira mankhwala. Chigafa cha udzu, chimene chatiumitsira fodya zaka zonsezi, sichingakwanitse zimenezo.

Apa, omvera, ndi pamene anthu a dera lino ayenera kukumbukira mbiri yawo, pakuti palibe anthu ena m'Malaŵi odziŵa nkhani ya chilolezo cha mbeu kuposa inu. Cha m'ma 1920 Mzungu wina, A. F. Barron, anatsegula munda wa fodya ku Mbabzi nayamba kugaŵira anthu a m'midzi mbeu ya fodya wa chikopa kuti adzimgulitsa iye. Fodyayo anafalikira msanga m'chigwa chonse cha Lilongwe. Mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board, lolemba maina a alimi ndi kudula msonkho pa fodya wawo, ndipo m'zaka za m'ma 1930 bungwelo linachepetsa chiŵerengero cha alimi ololedwa ndi misika yogulitsirako. Pambuyo pake kunabwera lamulo la Special Crops Act la 1963, limene linachititsa kuti fodya wa bale, wopindulitsa uja, alimidwe ndi maesiteti okhala ndi chilolezo. Mlimi wa kumudzi anatsala ndi chikopa chogulitsa ku ADMARC pamtengo woikidwa ndi boma, kapena anakaloŵa utenanti pa esiteti ya munthu wina, kulima bale yemweyo amene lamulo linamletsa kulima pamunda wa makolo ake. Khomo linatseguka mu 1990. Alimi anapanga makalabu, mabelo awo nayamba kufika ku okushoni ku Kanengo, ndipo malata ambiri amene akuŵala lero pa Nsaru ndi pa Nambuma anachokera kumeneko.

Lamulo la chamba la 2020 silitchula kuti mlimi wamng'ono asalime. Koma mtengo ungathe kugwira ntchito yomwe lamulo la 1963 linkagwira, ndipo umaigwira mwakachetechete. Ine ndiona kuti tikapanda kusamala tidzaonanso zimene makolo athu anaona: chilolezo m'manja mwa ochepa, thukuta pa msana wa ambiri.

Nanga amene anakwanitsa kulipira zinawayendera bwanji? Chaka cha 2021 chinali cha chiyembekezo chachikulu. Potsegulira msika wa fodya mu Epulo, Dr Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko panthaŵiyo, anauza alimi kuti malonda a fodya akuloŵa pansi ndipo ndi bwino kuyang'ana mbeu zina, ndipo chamba chinali m'gulu la mbeu zimene boma linkatchula. Mu Novembala unduna wa zaulimi unalembera katswiri wankhonya wa ku America, Mike Tyson, kumpempha kuti akhale kazembe wa chamba cha Malaŵi, nkhani imene inautsa mkangano woposa phindu lake. Makopaletivi anapangidwa m'maboma ambiri, anthu nasonkha ndalama za chilolezo, za mbeu ndi za maphunziro. Pofika 2022 nyuzipepala zinayamba kulemba madandaulo a alimi amene anakolola koma wogula wolonjezedwa uja osaoneka.

Zimenezi zinali ndi gwero lake kutali. Dziko la America litaloleza chamba cha m'mafakitale mu 2018, alimi a kumeneko analima chochuluka kopyola muyeso, ndipo pofika 2020 mtengo wa CBD unali utagwa kwambiri. Ifenso sitinali tokha m'Africa muno: Lesotho anayamba kupereka zilolezo mu 2017, Zimbabwe mu 2018, ndipo anansi athu a ku Zambia anakhazikitsa malamulo awo mu 2021. Tinafika pamsika dzuŵa litapendeka, ogulitsa ali mbwee. Palinso china: malire athu a 1 peresenti ndi abwino kwa mlimi, koma ku America ndi ku maiko ambiri a European Union malire a chomera ali pa 0.3 peresenti. Katundu wololedwa ku Lilongwe angathe kukanidwa padoko la wogula.

Ndipo pali kusiyana kwakukulu pakati pa chamba ndi mbeu zina zonse zimene mumadziŵa. Soya akasoŵa wogula wamkulu, mumapita naye kwa mavenda pa Namitete. Mtedza mukhoza kusinja nkudyera ndiwo. Fodya ali ndi okushoni. Chamba chololedwa chilibe msika wa pabwalo. Chingagulidwe ndi munthu wa chilolezo yekha, ndipo mlimi wochigulitsa kwa wina aliyense, ngakhale ana ake ali ndi njala, wapalamula mlandu. Chikasoŵa wogula chimangokhala m'matumba, mphamvu yake nkumachepa mwezi ndi mwezi.

Za msonkho tinenepo mwachidule, chifukwa anthu ambiri amasokoneza zinthu ziŵiri. Ndalama ya chilolezo imapita ku bungwe loyang'anira, ndipo imaperekedwa musanabzale, kaya mudzapindula kaya ayi. Msonkho umapita ku Malawi Revenue Authority ndipo umatsata zimene mwapeza: kampani imakhoma 30 peresenti ya phindu lake, antchito amadulidwa pa malipiro awo, ndipo wogula zokolola amapatula kagawo ka boma polipira mlimi, monga mumaonera pa pepala la fodya. Kampani ya chamba imakhoma misonkho imeneyi mofanana ndi kampani ina iliyonse. Tanthauzo lake nlakuti boma limapindula kwenikweni katundu akagulitsidwa. Munda umene sunabzalidwe chifukwa chilolezo chinakwera mtengo sukhoma msonkho, ndipo matumba osoŵa wogula sabweretsa dola ngakhale imodzi.

Mwina munamvapo kuti zigawo zina za ku America zimatolera mamiliyoni ambiri a madola pa msonkho wa chamba. Nzoona, ndipo chigawo cha Colorado chinayamba kutero mu 2014. Koma ndalama zimenezo zimachokera makamaka kwa anthu ogula chamba chosuta m'masitolo, malonda amene lamulo lathu limaletsa. Kuŵerengera chuma cha Malaŵi pa ziŵerengero zimenezo kuli ngati kuŵerengera mazira a nkhuku ya mnansi.

Maganizo anga ndi akuti boma likadachita bwino kutengera njira imene fodya watiphunzitsa kale. Ndalama yolembetsera ikhale yochepa ndiponso yotchulidwa m'makwacha, makamaka kwa makopaletivi olima chamba cha luzi ndi njere, chimene pangano la 1961 silikhudza. Gawo la bungwe loyang'anira lizidulidwa pogulitsa, pa kilogalamu iliyonse. Bungwe lodya pa zogulitsidwa limakhala ndi chifukwa chofunira mlimi msika, pamene bungwe lodya pakhomo ntchito yake imatha chikalata chikasainidwa. Ena adzati mtengo wokwera umathandiza kusefa anthu achinyengo. Koma wachinyengo wokhala ndi ndalama amaloŵa mosavuta, ndipo wotsala kunja ndi mlimi woona mtima amene alibe ndalamazo.

Pali nkhani inanso imene yasokoneza anthu. Chamba chathu cha makolo, chimene chinatchuka kunja ndi dzina lakuti Malawi Gold ndipo chimalimidwa mobisa m'madera monga Nkhotakota, sichinali m'gulu la mbeu zimene alimi oyamba analoledwa kubzala. Mu Malichi 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza bilu imene inabwera ndi a Peter Dimba, amene anali phungu wa kummwera kwa Lilongwe, yofuna kuti chamba cha kuno nachonso chizilimidwa pansi pa chilolezo. Maganizo ake ndi omveka, pakuti mbeu ya kuno inazoloŵera nthaka ndi nyengo yathu ndipo siifuna madola kuti tiipeze. Koma ngakhale biluyo siinanene za kusuta, ndiponso siinanene kuti munthu angobzala kuseri kwa nyumba. Mau a aphungu amene munamva pa wailesi sangakuimireni pamaso pa woweruza. Chokuimirani ndi chikalata cha CRA chokhala ndi dzina lanu kapena la kopaletivi yanu, chotchula munda umene mwabzalawo.

Tsono kukabwera munthu pamudzi panu, wovala bwino, ndi galimoto, nkunena kuti sonkhani ndalama tikulembetseni ulimi wa chamba, musachite manyazi kumfunsa mafunso, pakuti ndalamazo nzanu. Aonetse chilolezo chake, ndipo atsogoleri a kalabu akatsimikize ku ofesi ya CRA ku Lilongwe kuti nchenicheni ndiponso sichinathe ntchito. Komweko akafunsenso mitengo ya zilolezo ya chaka chimenecho. Anene dzina limene lidzalembedwe pa chilolezo cholimira, la kopaletivi yanu kapena la kampani yake, chifukwa ngati ndi la kampani yake ndiye kuti inu ndinu matenanti pamunda wanu womwe. Atchule wogula, dziko limene ali, ndi mtengo wa kilogalamu, zonsezo zilembedwe pa pepala losainidwa mbeu isanagulidwe. Ndipo pepalalo linene poyera amene adzasenze chitayiko ngati makina a mu labotale apeza kuti THC wapyola malire, kapena kuti maluŵa agwidwa nkhungu. Pepala limenelo mupite nalo kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu ndi kwa a mfumu, aliŵerenge mokweza pamaso pa mamembala onse, ndipo munda wa chimanga ndi wa mtedza ukhale wolimidwa monga mwa nthaŵi zonse kufikira kopaletivi italandira malipiro a zokolola zoyamba.